O wa Tonse Awiri

Lachiwiri, 2 Novembala 1909

Tsiku lokumbukira akufa. Kumanda ndi maluwa achikasu, ngati Paris yense. Mvula yowaza, matope mpaka m'masokosi. Pamwala: ODILON SAVAREL, MLEMBI. Miyezi isanu ndi itatu tsopano. M'munsi mwake anasiya malo anga, opanda kanthu. Wosema miyala anati tsiku langa likadzafika adzangowonjezera kuti "ndi mkazi wake". Ati zilembo zochepa sizivuta.

Ndinapezapo atsikana awiri a pasukulu, mmodzi akulira, buku lili m'manja. Buku lachisanu ndi chimodzi, lija la mphunzitsi wamkazi wa kumapiri. Anandifunsa ngati malemuwo ndinkawadziwa. Ndinati pang'ono. Wolirayo ati, "Palibe mwamuna wina amene anaudziwa mtima wa mkazi ngati iwowa." Ndinati eya, n'zodabwitsa ndithu. Ndikanaseka, koma pamanda.

Mabuku khumi ndi limodzi. Masewero anayi, lachisanu ndi ili likubwerali. Nkhani ya Lachinayi lililonse m'nyuzipepala kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Zonsezo dzanja ili, lomwe chala chake chapakati chinachita kupindika ndi cholembera. Mwamuna wanga sanalembepo mzere. Ndanena. Ngakhale kope lino silinamvepo zimenezi.

Nyumba zii. Supu wa dzulo.

Lachinayi, 4 Novembala

Ndadzuka mbandakucha ngati kale, ndalemba nkhani ya sabata yamawa, ya amayi ogulitsa maluwa pachipata cha manda. Yabwino, sindikudzinamiza. Ndayiika m'kabati pamwamba pa zinzake. Kuyambira Malichi malo athu m'nyuzi anapatsa munthu wina, amene amalemba za akavalo. Wakufa salemba nkhani ya sabata. Wamoyo ndiye alibe dzina.

Mmene zinayambira, ndilembe poti palibe wondifunsa. Chaka choyamba cha ukwati. Odilon mutu ukuwawa ndi vinyo wa dzulo lake, nkhani ikufunika masana. Ati, "Tangoyamba iwe, ine ndimaliza." Anadzuka ndamaliza. Mkonzi anati aka n'koyamba Savarel kulemba ngati munthu. Basi, mpaka kumanda.

Iye anali ndi pakamwa, ine dzanja. Kumalo omwera khofi, kwa akonzi, kumaphwando, kumeneko anali mfumu. Kukhala pampando ola limodzi ndiye ayi. Pansi pa nkhani timasaina O. Savarel. Ndikadandaula ankati, "Nanga dzina lako silikuyamba ndi O? O ameneyo ndi wa tonse awiri." Ndinkakhulupirira masiku ena. Uchitsiru.

Masana Mayi Pitou, oyang'anira pakhomo pa nyumba yathu, anakwera ndi kalata. Pa envelopu: Mayi Odilon Savarel, ngati makalata onse. Yochokera kunyumba ya zisudzo. Sewero lionetsedwa koyamba Lachinayi pa 18, masana, kwa atolankhani ndi oitanidwa. Andisungira mpando wapamwamba, wa namfedwa.

Loweruka, 6 Novembala

Ndinapita kukaonera akuyeserera. Mpando wa kumbuyo kwenikweni, m'mdima, mozizira. Palibe anandiona kufikira nditatsokomola.

Tsiku loyamba la sewero lililonse pali kamphindi kamodzi kamene ndakhala ndikukadikira moyo wanga wonse. Katani ikatsika, anthu akuwomba m'manja, mkulu wa ochita sewero amabwera kutsogolo yekha. Onse amakhala chete. Amati, "Amayi ndi abambo, sewero limene tachita pamaso panu lalembedwa ndi Bambo Uje." Kanayi konse ndamva Bambo Odilon Savarel. Kanayi konse iye kuimirira, dzanja pamtima, ine kumuwombera m'manja mpaka zikhatho kutentha.

Kachisanu aka ndikufuna langa. Palibenso china chimene ndikufuna. Likangomveka pamenepo, pamaso pa atolankhani onse, mkonzi sangandibwezenso pakhomo ngati wogulitsa mazira.

Ndinakwera ku ofesi ya Bambo Hochard, mwini nyumba ya zisudzoyo. Mimba patsogolo, ndudu yaikulu, maso pawotchi. Ndinawauza zonse, nditaimirira. Sanadabwe n'komwe, ndicho chinandipweteka. Ati, "Mayi, anthu akugula malo kuti adzalire maliro kachiwiri. Ndiwauze kuti wakufayo sanalembe? Ndani angabwere kudzalirira munthu wamoyo?"

Ndinawakumbutsa kuti gawo lachitatu ndinawapatsa mu Juni, Odilon tinamuika mu Malichi. Anaseka mpaka phulusa kugwera pamalaya. Ati, "Munalipeza m'kabati, mayi. Akazi amasiye onse amapeza zinthu m'kabati." Kenaka anandipsompsona dzanja, dzanja lomwelo, n'kunditsegulira chitseko.

Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba kuti mtima uzizire. Sunazizire.

Lachiwiri, 9 Novembala

Masiku awiri osatuluka. Chimfine. Mawu amene ndalankhula kuyambira Loweruka: zikomo, kwa Mayi Pitou, atabweretsa buledi. Basi.

Jasi lake likadali kuseri kwa chitseko. Lero ndinalikalipira. Zoona, mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri kukalipira jasi. Ndinati wabodza iwe, unandidyera masuku pamutu mpaka tsiku lako lomaliza. "Ndidzawauza." Buku lachitatu litapambana mphoto, ndidzawauza. Sewero lachiwiri litatha chaka chathunthu pansanja, ndidzawauza, koma osati pano, zisokoneza. Ali pabedi m'chipatala, mlomo wouma, ndikachira ndidzawauza.

Nditatha kukalipa ndinaika nkhope m'jasimo. Fungo la fodya wake likadalimo pang'ono. Ndinalira ngati mwana.

Vuto ndi limeneli. Ndikanakhala kuti ndimadana naye bwenzi zili zophweka. Koma palibe munthu ankawerenga masamba anga ngati iyeyo. Madzulo, ataimirira pafupi ndi mbaula, pepala kudzanja ili, tambula kudzanja linali, mawu aliwonse kuwapatsa moyo. Akafika pamene ndanama ankaima. "Apa sunamve kanthu, wangolemba." Ndipo nthawi zonse ankakhoza.

Ndiponso kuitana kuja. Akangolowa pansi, asanakwere n'komwe masitepe, amakuwa dzina langa lonse, kulikoka ngati nyimbo, nyumba yonse kumva. Mayi Pitou asanabwere pano, oyang'anira akale ankamukalipira. Ine osadzutsa mutu: "Dikira ndimalize mzere." Tsiku lililonse. Zaka zomaliza mpweya unamuchepera, ankaitana atafika kale pachitseko, motsitsa.

Mkulu wanga Clémence akanakhalapo bwenzi ndamulembera. Zaka zinayi chimwalirireni.

Lachinayi, 11 Novembala

Chinthu chachitika.

Ndinabwereranso kukaonera. Bambo Ferréol Lantin, mkulu wa ochita seweroli, anakakamira pagawo lachitatu, pamene mwamuna akupepesa mkazi wake. Katatu konse kuyamba, katatu kuima. Anaponya pepala pansi. Ati mawuwa sakutuluka pakamwa, Odilon akanakhalapo bwenzi atawakonza. Onse kugwedeza mitu mwachisoni.

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinangomva mawu anga ali m'mwamba kuchokera m'mdima muja. Ndinati vuto si pakamwa panu, vuto n'lakuti munthuyo sayenera kupepesa, sadziwa kupepesa, amufunse mkaziyo ngati wadya. Ndinatsika, ndinalanda pensulo kwa wokumbutsa mawu, ndinalemba mizere isanu ndi umodzi pabondo. Bambo Lantin anawerenga kamodzi, anaichita. M'nyumba monse zii. Mayi wosoka zovala anali kupukuta m'maso.

Bambo Hochard ati, "Taonani, mzimu wa malemu ukulankhula mwa akazi awo." Ena anaseka.

Bambo Lantin sanaseke. Anandipeza panja ndikudikira basi ya akavalo, alibe chipewa, utoto ukadali kumaso. Munthu uyu wadya patebulo langa zaka makumi awiri. Amakonda mwendo wa nkhosa wa adyo wambiri, amadana ndi kabichi. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Ati, "Ndinu, eti? Kuyambira kale?" Ndinati kuyambira kale. Ati, "Ndiye ine chitsiru ndakhala ndikuthokoza munthu wolakwika, ndikumwa vinyo wanu."

Ndinawauza za Bambo Hochard. Anatukwana mawu amene sindilemba. Kenaka anandigwira manja onse awiri. "Pansanja paja ndimakhalapo ndekha, mayi. Palibe angandigwire pakamwa. Nditchula dzina lanu."

Basi inandidutsa. Ndinadikira ina, sindinamve kuzizira. Ndagula kachidutswa ka tchizi chabwino. Ndadya nditakhala pansi, patebulo, ndi nsalu.

Lamlungu, 14 Novembala

Mtima uli m'mwamba. Sindikugwira chinthu n'kuchimaliza.

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Ndimangoyeserera m'mutu. Amayi ndi abambo. Lalembedwa ndi. Kenaka chete uja. Kodi ndiimirire? Dzanja pamtima ayi, zimenezo n'zake. Ndingoimirira basi, manja pambali.

Mantha aliponso. Atsikana a kumanda aja adzati chiyani. Adzati nkhalamba yaba dzina la wakufa poti sangayankhe. Mapepala onse ali m'zolemba zanga, inde, koma mkazi uti sakopera mwamuna wake zolemba? Ndipo Odilon. Ndikumuvula pagulu ali m'manda. Ndinapita kukaima pa jasi lija, ndinati unalonjeza ndiwe, ine ndikungokuthandiza kusunga lonjezo, monga ndinkakuthandizira zina zonse.

Diresi lakuda la silika ndalitulutsa. Latakasuka m'chiuno. Mayi Pitou abwera ndi mapini, andibaya kawiri. Ati, "Muoneke bwino, Mayi Savarel, abambo akuonerani kumwamba." Ndinati akaona adzagwa pamtambo. Sanamve, anali ndi mapini m'kamwa.

Lachiwiri, 16 Novembala

Kakalata kochokera kwa Bambo Lantin, kapensulo. Wina anaulula zimene anandilonjeza. Bambo Hochard awauza kuti akangoyerekeza, sewero la mu Januwale apatsa munthu wina, ndipo m'nyumba imeneyo asadzapondemonso. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo otha. Pansi alemba kuti, "Ndanena ndanena. Konzekani."

Ndinayamba kuwayankha kuti asiye. Ndinang'amba. Ndinayambanso, ndinang'ambanso. Mulungu andikhululukire, sindinatumize kanthu.

Ndasankha nkhani imodzi m'kabati muja, ya ogulitsa maluwa. Ndaikopera bwinobwino. Pansi sindinasaine. Ndidzasaina Lachisanu, anthu atamva.

Lachinayi, 18 Novembala, m'mawa

Khofi yekha. Dzuwa latuluka, koyamba mwezi uno.

Lachinayi lomweli, madzulo

Ndabwera. Nsapato sindinavule.

Ndilembe mwadongosolo. Nyumba yodzaza. Ndodo inagunda katatu, chizindikiro choti sewero likuyamba, katani inakwera. Gawo loyamba anaseka pamene ndinafuna. Lachiwiri chete. Lachitatu, pa funso lija la ngati wadya, bambo wina wa ndevu pansi panga analira mokweza, mtolankhani amene anatinyoza zaka khumi. Ndi sewero labwino. Labwino kuposa onse, ndipo gawo labwino koposa ndi limene ndinalemba ndili ndekha m'nyumba muno.

Katani inatsika. Manja ngati mvula pa malata. Bambo Lantin anatuluka kutsogolo. Nkhope yoyera ngati pepala. Ndinaona Bambo Hochard kumbali, akuluma ndudu. Chete. Ndinagwira chitsulo cha kutsogolo kwanga.

"Amayi ndi abambo, sewero limene tachita pamaso panu lalembedwa ndi..." Anaima. Anayang'ana kumwamba kumene ndinali. Anakweza mawu, mwamphamvu, mosaopa.

"Mayi Odilon Savarel."

Anthu anaimirira onse. Odilon Savarel, Odilon Savarel, ena kukuwa. Kamawu ka Mayi kanamira momwemo. Amene anakamva anatembenukira kwa ine akumwetulira mwachifundo, kundiwombera m'manja monga amachitira kwa namfedwa. Mayi wina pafupi nane anandifinya mkono. Ati, "Aa, n'zaulemu bwanji, akukumbukani ndi inu omwe."

Ndinali nditaimirira kale. Manja pambali. Kenaka ndinangoona manja anga akuwomba. Kachisanu.

Ndinatulukira khomo la kumbali, kunja kukadali kowala.

Lachisanu, 19 Novembala

Nyuzipepala zinayi. Ndatuma Mayi Pitou.

Yoyamba: sewero lomaliza la Savarel ndilo lalikulu koposa. Yachiwiri: Bambo Lantin, chisoni chitawagwira, lilime linaterereka, anati Mayi m'malo mwa Bambo, ndipo palibe anawaseka. Yachitatu: mwaulemu wake wodziwika, katswiriyu anapereka ulemu kwa mkazi wokhulupirika amene anasunga mapepala a malemu. Yachinayi, yathu yomwe, siinatchule n'komwe. Yati gawo lachitatu likuonetsa munthu amene ankadziwa kuti akufa.

Ankadziwa kuti akufa. Anali atafa miyezi itatu.

Nyuzi zonse zinayi ndayatsira mbaula. Zayaka bwino.

Loweruka, 20 Novembala

Bambo Lantin abwera masana, akupuma movutika ndi masitepe athu, maluwa ofiira m'manja. Chimwemwe chokhachokha. Ati, "Mwamva mmene ndinalikhomera? Mpaka mpando womaliza." Sewero la Januwale lapita ndithu. Bambo Hochard anamva bwino lomwe, iwo okha m'nyumba yonse, ndipo sakuwalankhulitsa. Koma Bambo Lantin ati alibe nazo ntchito, m'moyo wawo wonse aka n'koyamba kunena zoona pansanja.

Ndinawapatsa khofi. Ndinawathokoza, chifukwa anayeneradi kuthokozedwa. Munthu wataya ntchito yake chifukwa cha ine. Ndikanangosiyira pomwepo. Koma pakamwa pangapa. Ndinati Bambo Lantin, dzina langa ndani?

Anaseka. Ati Mayi Savarel. Ndinati limenelo ndi la apongozi anga. Ati Mayi Odilon, n'kuima. Ndinaona zikuwafika pang'onopang'ono, kapu ili m'mwamba. Makutu anafiira. Anayang'ana pakhoma, pamabuku, ngati lalembedwa penapake. Ati patebulo paja Odilon ankangoti mkazi wanga. N'zoona, pagulu ankatero. Anayesa Marguerite. Anayesa Hélène.

Kenaka motsitsa: "Mayi, simunandiuze."

Sindinawauze. Sabata yathunthu ndikukonza diresi, ndikukonza kaimidwe, osaganiza n'komwe kuti munthuyo akufunika kuuzidwa chonena. Ndinkayesa aliyense akulidziwa. Iwonso ankayesa atchula. Mkazi wokwatiwa amatchulidwa choncho, pa envelopu, pakhomo, kutchalitchi. Sanalakwe chilichonse.

Anafunsa kuti nanga ndi ndani. Ndinatsegula pakamwa, silinatuluke. Manyazi, kaya chiyani. Ngati kuvula pamaso pa mlendo. Ndinati khofi wanu akuzizira.

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma. Maluwa ali m'beseni, ndilibe chowaikamo chachikulu chotero.

Lolemba, 22 Novembala

Ndakhala ndikufufuza m'mutu amene akulidziwa. Amayi, abambo, Clémence, wansembe amene anandibatiza, onse kumanda. Anzanga a kusukulu, kaya ali kuti. Mayi Pitou ndinawayesa m'mawa, mwanthabwala. Ati, "Dzina lanu lina? Ee, muli nalo?" Kenaka anaseka okha, ati n'zoona, aliyense amakhala nalo. Lawo ndi Zélie. Zaka zisanu ndi ziwiri tikupatsana moni, sindinkadziwa. Ndiye ndikwiyire ndani?

Wotsala anali mmodzi. Yemwe anandibisa ndi yemweyo ankanditchula. M'chipatala muja, mawu ake omaliza sanali ndidzawauza. Ndanamiza kope lino. Anali dzina langa, kulikoka pang'ono, mpweya utatha. Chichokereni tsiku limenelo silinamvekenso padziko.

Sindinadye. Mvula yabwerera.

Lachitatu, 24 Novembala

Nkhani ya Lachinayi imafunika Lachitatu masana asanakwane. Thupi likudziwa lokha.

Ndatenga ya ogulitsa maluwa. Mkonzi mwina aibweza osawerenga. Mwina awerenga n'kunena kuti ndinaipeza m'kabati. Nditenga ndi zinzake zonse, za kuyambira Malichi, awerenge za chilimwe chimene wakufa sanachione. Bambo Lantin ndawalembera kakalata, mzere umodzi, dzina lokha. Anagula ndi ntchito yawo, alidziwe.

Kusaina ndiye. Ndinaviika cholembera, ndinalemba O, ndipo dzanja lisanandifunse linaika kadontho. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinakhala ndikukayang'ana. Kukoperanso tsamba lonse nthawi palibe. Ndinalemba m pamwamba pa kadonthoko, inki inafalikira. Zilembo zinazo zinatuluka zokhota ngati za mwana wa sukulu.

Ombeline.

Likuoneka ngati la munthu wina. Ndinati ndilimve. Ndinatsegula chitseko, ndinatsika masitepe angapo, diresi la m'nyumba, kulibe munthu. Ndinalitchula kuyang'ana kumwamba, lonse, kulikoka mmene ankalikokera. Linamveka mpaka kudenga.

Ndipo pakamwa panga panayankha pokha, mawu a masiku onse. Dikira ndimalize mzere.

Ndinakhala pasitepe kanthawi. Pansi Mayi Pitou anatsegula kawindo kawo, ati kodi akuitana ndani kumeneko. Ndinati ine. Ati nanga akuitanidwayo. Ndinati ine ndemwe.

Belu la leveni lalira. Chipewa, mapepala, ambulera. Mzere ndamaliza.